Pamene Nkhaka Zinkadontha

Mwana wanga wachisamba anabwera Loweruka m'mawa atanyamula thumba la nkhaka. Analiika patebulo la kukhitchini n'kusasa manja ngati watsitsa thumba la simenti.

"Bambo, mawa ndibwera ndi mlendo kudzadya nkhomaliro. Mutikonzere saladi wanu uja wa kirimu. Ndamuuza kuti sanadyepo wotero."

Ndinayang'ana thumbalo, kenako ndinayang'ana mwini wake. Mwana ameneyu ndimamutcha Bwana Tayi, chifukwa ngakhale dzuwa liswe mtengo, chingwe cha m'khosicho sachotsa. Chibadwire sanayamikirepo chophika changa. Ali wamng'ono ankakankhira saladi yemweyu m'mphepete mwa mbale, amvekere ndi chakudya cha mbira.

"Mlendo wakoyo ndi njovu?" ndinamufunsa. "Nkhaka zonsezi adya yekha?"

"Zikatsala tidzatenga kunyumba."

"Nanga wagulirenji? Kuseriku zanga zachita kulendewera."

"Zanuzo zisiyeni. Kunja kukutentha, musamazungulire padzuwa ndi magazi anu othamangawo. Inu mawa mungokhala m'khitchini muno, pamthunzi."

Ndinangoti chabwino. Mumtima ndinati, mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Kungoti ndinkaganiza kuti wayambana ndi mkazi wake, akufuna ndikamupepesere. Zoti amalondawo akubwerera nyumba yanga, sindinaziganizire n'komwe.

Nyumba imeneyi ndinaimanga ndi malipiro a ukhukhi. Ndinaphika pa kahotela ka dona wina wa ku Jeremani mpaka imvi zinandipezera komweko. Ndinkamanga chipinda chimodzi, n'kupuma, n'kudzamanganso china. Mawindo ake ndi osafanana, chifukwa lililonse linabwera chaka chake. Chitseko cha kukhitchini ndinapatsidwa hotela itatsekedwa, ndipo mpaka pano chili ndi mabowo a loko wakale. Puloti yokha ndi imene anatipatsa mlamu wanga, mchimwene wake wa mkazi wanga, ndipo mapepala analembetsa m'dzina la mlongo wakeyo. Ine nthawi imeneyo sindinaonepo vuto. Ndinkati mwamuna ndi mkazi ndi thupi limodzi, nanga pepala n'chiyani?

Dona uja ndi amene anandiphunzitsa saladiyu. Ankamufuna nyengo yotentha yokha, pambali pa nkhuku yowotcha kapena nsomba ndi mbatatesi. Alibe zambiri: nkhaka, mchere, anyezi, kirimu wowawasa, viniga, kashuga, tsabola wakuda ndi dili, timasamba tonunkhira tating'ono ngati tsitsi. Mbale ikamatuluka m'khitchini, dona ankaipendeketsa pang'ono. Madzi akangoyenderera m'mbali, ankaibweza osanena kanthu, ndipo kusanenako kunkapweteka kuposa mbama. Mbewu ya dili ndinatenga kwa iye. Ndinabzala kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mpanda, ndipo chaka chilichonse amamera yekha.

Loweruka lomwelo masana mkazi wanga anasesa akangaude kudenga, anachapa makatani, ndipo mabeseni amene timatchera mvula ikamadontha anakawabisa kunsi kwa bedi. Ndinati, mlendo ameneyu ndiye ndi bwana ndithu.

Lamlungu ndinayamba msanga. Nkhuku inali italowa kale mu uvuni. Ndinanola mpeni, ndinasenda nkhaka n'kusiya timizere tobiriwira, kenako ndinayamba kudula. Chidutswa chilichonse chimafunika kupyapyala moti ukachigoneka pampeni uziona chitsulo kuseri kwake. Mwana wanga wamkazi anandigulira kamakina kodulira, koma kali pamwamba pa kabati ndi fumbi lake. Makina sasiyanitsa nkhaka yanthete ndi yokhwima. Zakusitolozi zinali zazitali, zosalala, zopanda fungo, ngati zaumbidwa ndi sopo.

Galimoto inafika ndili pakati pa thumba. Bwana Tayi anasuzumira pachitseko ndi mlendo wake, bambo wamimba, wovala nsapato zosongoka. Anandigwira chanza ndi manja awiri n'kukuwa ngati ndili tsidya la mtsinje.

"Muli bwanji, agogo!"

"Ndili bwino," ndinatero, "ndipo makutu anganso ali bwino."

Anaseka n'kuyang'ana mwana wanga. Kenako maso ake anapita kudenga, pamene pali chipsera cha madzi a mvula, n'kutsika ndi khoma mpaka pansi. Bwana Tayi anamukokera kubalaza, natsegula wailesi mokweza.

Nditamaliza kudula ndinathira mchere, ndinasakaniza ndi zala, ndinakhuthulira zonse m'sefa yaikulu pamwamba pa beseni. Ndinavundikira ndi mbale n'kutsindika ndi mwala wanga wa ntchito yomweyi. Nkhaka ndi madzi ovala khungu. Ukathira kirimu zisanatulutse madziwo, pofika patebulo umapeza chithaphwi. Ndiye umadikira. Palibe chotakasa, palibe choyang'anira. Kuhotela nthawi imeneyi ndinkatuluka kukasuta. Nditasiya fodya ndinayamba kumapita kudimba, ndipo zaka zonsezi ndi mmene ndimachitira: mwala pambale, chipewa kumutu, ulendo kuseri.

Bwana Tayi sankadziwa zimenezi. Sanaimepo pambali panga ndikuphika. Iye ankaganiza kuti nkhaka zikachuluka, munthu sadzuka patebulo mpaka chakudya chitapsa. M'nyumba muno wodziwa za kudikira kumeneku anali mmodzi yekha.

Ndikutambasula dzanja kuti nditenge chipewa, mkazi wanga analowa ndi kapu ya tiyi.

Ine ndi mayi a anawa tinasiya kalekale kucheza. Sikuti tinayambana ayi. Mawu anangotha ngati shuga m'chitini. Timalankhula za magetsi, za mankhwala ake a mawondo, za amene wasiya mpopi ukudontha. M'khitchini ndikalowa ine, iye amatuluka.

"Khalani pansi, a Shefu," anatero.

Dzina limenelo ndinali nditaiwala kuti ndi langa. Ndi limene ankandiitanira tili pachibwenzi, akubwera kukhomo la kuseri kwa hotela ndi dengu la mazira.

"Kwagwanji?" ndinafunsa.

"Palibe chagwa. Munthu sangamwe tiyi ndi mwamuna wake?"

"Tiyi kutentha konseku?"

"Ndiye amachotsa ludzu. Munkatero ndinu."

Anakoka kampando n'kukhala moyang'anizana nane, akubuula chifukwa cha mawondo. Tiyiyo anali mmene ndimamukondera, mkaka wambiri, shuga wongonamizira. M'beseni madzi anali atayamba kudontha, tho, tho.

"Mukukumbuka tsiku limene munandipatsa zimenezi koyamba?" anafunsa akuloza sefa ndi milomo. "Pakasosala ka maluwa. Munachita kubisa m'epuloni kuopa dona."

"Munadya mpaka kunyambita supuni."

"Ndinanyambita inu mukuona. Mutangolowa ndinakalavula kuseri kwa mabini. Ndinati, mwamuna uyu ndi wabwino ndithu, koma amadya mkaka wowola ndi udzu."

"Bodza!"

"Ndikulumbira. Ndinayenda njira yonse ndikupukuta lilime ndi nsalu."

Ndinaseka. Ndinaseka mpaka chifuwa chinandigwira, iye n'kumandisisita kumsana. Sindikumbuka tsiku limene ndinasekapo choncho m'nyumba imeneyi.

Anandikumbutsa za dona, mmene ankatchulira mayina athu mokhotakhota. Anandikumbutsa za chaka chimene tinagona m'chipinda chopanda mawindo, titatseka ndi makatoni. Kenako analoza chitseko.

"Ichi munachisenza pamutu kuchokera kuhotela, ana a m'misewu akukutsatirani, amvekere wamisala wathawa ndi nyumba."

"Ndinachinyamula panjinga."

"Pamutu, bambo. Khosi ndinakuthowani ndine."

Anagwira dzanja langa. Chala chake chinayenda pachipsera cha mafuta amene anandiwotcha kale kwambiri.

"Manja awa anatilera," anatero. "Sindinakuuzenipo, koma ndimadziwa."

Ine sindikhulupirira anthu. Wogulitsa nyama ndimamuyang'ana chala pasikelo. Dokotala akandipatsa mapiritsi ndimakafunsanso wina. Ngakhale m'busa akandimwetulira kwambiri ndimagwira thumba. Koma tsiku limenelo ndinakhala pampando phee, ngati mwana wopatsidwa switi. Ndinafika poganiza kuti mwina ukalamba uli ndi kabwino kake, kuti mwina tikhoza kumamwera tiyi limodzi masiku otsalawa. Za chipewa ndinaiwala.

Madzi atasiya kudontha, tinafinya nkhaka limodzi m'nsalu yoyera, iye mbali iyi, ine mbali iyo, kupotokola ngati tikuchapa bulangete. Zinatuluka zofewa koma zolirabe pamano, mmene zimafunikira. M'mbale yagalasi ndinasakaniza kirimu, viniga, kashuga ndi tsabola. Ndinalawa, ndinaonjezera viniga pang'ono, ndinathira anyezi wodula mopyapyala.

"Kwatsala dili," ndinatero n'kuimirira.

"Ndakuthyolerani kale."

Anatulutsa kasosala m'kabati. Timasambato tinali titafota, titagona ngati tsitsi lonyowa. Zinaonekeratu kuti anathyola m'mamawa.

"Ameneyu wafa," ndinatero. "Dili amachoka pamtengo n'kugwera m'mbale. Mukudziwa inu."

"Mlendo adziwa chiyani? Thirani yemweyu."

"Ndidziwa ine."

Ndinalunjika kuchitseko. Mkazi amene amavutika kudzuka pabedi, amene ndimamugwira mkono pokwera pakhonde, anadumpha ngati mtsikana n'kukaima kutsogolo kwanga.

"Ndipita ndine. Inu khalani, tiyi wanu sanathe."

Ndinamuyang'ana kumaso. Iye anayang'ana batani la malaya anga. Ndi pamene ndinazindikira kuti kubalaza wailesi ikulankhula yokha. Kunalibe mawu a munthu, ngakhale kutsokomola.

"Suntha," ndinatero.

Kuyambira pamene tinakwatirana ndinali ndisanamulankhulepo ngati mwana. Anasuntha.

Kuseri dzuwa linali litakwiya. Bwana Tayi anali atanjuta pampanda, atagwira nsonga ya tepi yoyezera, tayi ataiponyera paphewa. Mbali inayo, pakona ya nyumba, mlendo uja anaima pakati pa bedi langa la nkhaka. Imodzi inali itaphulika pansi pa nsapato yake.

"Zonsezi tigumula," ankatero akuloza chimbudzi, khola la nkhuku ndi khitchini yanga. "Tithira konkire mpaka kumpandako. Magalimoto azilowera uku, kutsukidwa apa, kutulukira uko. Zipinda zakutsogolozo zikhala ofesi."

"Mtengo wa mandimuwo?" anafunsa mwana wanga.

"Nkhwangwa. Masamba amadetsa magalimoto."

Kenako Bwana Tayi anandiona. Tepi inamupulumuka m'manja n'kuthamanga yokha kubwerera kwa mwini wake.

"Bambo, mwamaliza kale?"

Ndinadutsa pakati pawo, ndinakawerama pampanda n'kuthyola dili wanga. Ndinakoka mwamphamvu moti ndinazula tsinde limodzi ndi mizu yomwe.

"Agogo, dimba lokongola!" anakuwa mlendo kumbuyo kwanga.

Nditabwerera m'khitchini mkazi wanga munalibe. Ndinangomva mbale zikulira kuchipinda chodyera. Ndinadula dili, ndinathira, ndinasakaniza ndi nkhaka n'kuika mufiliji kuti azizire. Wina angafunse kuti bwanji sindinakhuthulire mbale yonseyo m'bini. Ndinaganizapo. Koma nkhakazo sizinalakwe, ndipo ine sindinasiyepo chophika panjira.

Tinakhala patebulo anthu anayi. Mwana wanga anapemphera pemphero lalitali kuposa masiku onse. Mlendo anadzigawira nkhuku, mbatatesi ndi phiri la saladi. Anatafuna n'kutsinzina.

"Iii, izi ndiye zina! Zikuchita kuziziritsa mpaka m'mimba." Anatembenukira kwa mwana wanga ngati ine ndine mpando. "Ndiye akukumbukirabe zonse, eti? Paja amati zimene munthu anaphunzira kale sizichoka, ngakhale mutu utasokonekera."

"Mutu wa ndani?" ndinafunsa.

Supuni yake inaima m'malere.

"Anakuuzani kuti ndinazungulira mutu?"

"Ayi, agogo. Anangoti mumaiwalaiwala, ndiye tisakuvutitseni ndi nkhani zikuluzikulu."

"Sananame. Ndine woiwaladi. Ndaiwala tsiku limene ndinavomera kugulitsa nyumba yanga. Tandikumbutsa, Bwana Tayi. Linali Lachingati?"

"Bambo, pali mlendo."

"Mlendo ndine. Mwini nyumba ndi uyu akudyayu. Onjezerani, bwana, musachite manyazi pakhomo panu."

Mwana wanga anamasula tayi pang'ono. Kanali koyamba kumuona akutero.

"Tikanakuuzani zonse zitalongosoka, bambo. Kwa mlongo wanga kuli chipinda chabwino, chimbudzi cha m'nyumba, chipatala chili pafupi..."

"Pamwamba pa nyumba yosanja? Ndizikabzala nkhaka m'chitini cha penti? Ndinkadzimana nsapato kuti upite kusukulu, ndiye sukuluyo inakuphunzitsa kugwirira tepi anthu ofuna kugumula khitchini ya bambo ako?"

"Musamukalipire mwana," anatero mkazi wanga. "Ndinamutuma ndine."

Sanakweze mawu. Manja anali atawaika patebulo, mbali iyi ndi iyi ya mbale imene sanaikhudze.

"Mvula ikagwa ndimagona ndi mabeseni. Chimbudzi chili panja, ndi mawondo awa. Ndinagwa pakhondepo, inu munati ndisamayende ngati woledzera. Ndakupemphani kangati kuti tisamuke? Mumangomenya tebulo. Ndatopa, bambo. Sindikufuna kudzafera panjira ya kuchimbudzi."

"Denga ndikanakonza."

"Mwakhala mukulikonza kuyambira mwana uyu asanakwatire."

Ndi zoona kuti anandipempha, ndipo ndinakana. Lero atandipempha ndingakanenso. Munthu sagulitsa chimene anachimanga njerwa imodziimodzi kuti anthu azitsukirapo matope a magalimoto. Koma kukana kwanga kunali kwa maso ndi maso. Sindinamuphikirepo tiyi kuti asayang'ane pawindo.

"Sindisaina," ndinatero. "Muyeze mpaka kumwamba, ine sindisaina."

Mwana wanga anayang'ana m'mbale mwake. Mlendo anapukuta pakamwa, ndipo kwa nthawi yoyamba analankhula nane ndi mawu a munthu wamba.

"Pepani, madala. Ine sindimadziwa kuti zili chonchi. Koma pamapepala dzina lanu palibe. Mayi anasaina kale sabata yatha. Lero ndinangobwera kudzayeza."

Anaimirira nkhuku itatsala pambale. Mwana wanga anamuperekeza ndipo sanalowenso m'nyumba. Anangoliza hutala pageti, galimoto n'kumapita.

Tinatsala awiri. Iye anasonkhanitsa mbale n'kukayamba kutsuka. Ine ndinaima pakhomo la khitchini.

"Tichoka liti?"

"Mvula isanayambe."

"Nanga nkhuku?"

"Tigawira anthu."

"Zonse munakonza kale."

Anapitiriza kutsuka. Msana wake unali utapindika kuposa mmene ndinkauonera.

"Zondisunga m'khitchini muno anaganiza ndani?"

"Mwana wanu anati nkhaka zikachuluka simutuluka. Ine ndinamuuza kuti mukathira mchere mumapita kudimba."

"Ndiye munati, ameneyo mundisiyire ine."

Anatsukuluza mbale yagalasi ija n'kuivundikira pachoumitsira.

"Ndifunse chimodzi, kenako sindidzafunsanso. Zija mumanena zija, za kasosala, za chitseko, za manja awa. Munakhala pansi n'kuzipeka?"

Anatseka mpopi. Anapukuta manja pansalu pang'onopang'ono, kenako anandiyang'ana m'maso.

"Zonse zinali zoona, a Shefu. Zikanakhala zabodza simukanakhala pansi."

Ndikanakonda akananena kuti linali bodza. Bodza ndimalidziwa, ndipo ndikanangoliika pamodzi ndi mabodza ena amene anthu andinamizapo. Koma mawu amenewo anali nawo zaka zonsezi. Ndinadwala, sanawatulutse. Ntchito inatha, sanawatulutse. Anawasunga mpaka tsiku limene anafunika chomangira munthu pampando.

Kuyambira tsiku limenelo ndimagona kuchipinda chakale cha ana, pakati pa makatoni amene ayamba kale kulongedza. Mwana wanga wamkazi anaimba foni dzana. Akuti chipinda chathu wachipaka penti, makatani wapachika, bedi lalikulu wagula. Ndinamuuza kuti ine adzandiyalire matiresi pabalaza. Anafunsa kuti chifukwa chiyani. Ndinati afunse mayi ake.